Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsegulira Ntchito Yogawa Mankhwala a Ivermectin ku Mulanje



Mitsinje yotsika m'phiri lathu, monga Ruo ndi Likhubula, ndi chuma cha boma lino, koma m'madzi othamanga otere ndimonso mumaswana tintchentche takuda toluma. Timeneti timafalitsa nyongolotsi za matenda a onchocerciasis, omwe avutitsa anthu kuno ndi ku Thyolo kwa zaka zambiri. Nyongolotsi yaikulu imabisala m'kachotupa pansi pa khungu, nkumaswa tiana tosaoneka ndi maso. Chodabwitsa n'chakuti tianato tikakhala tamoyo timagonetsa chitetezo cha thupi. Tianato tikafa m'pamene khungu limadzidzimuka. Maselo ake amazindikira zotsalira za tianato komanso mabakiteriya a Wolbachia okhala m'kati mwake, ndipo amatulutsa mauthenga otchedwa ma cytokine, ngati mfuu ya pamudzi wakuba akalowa. Mitsempha ya magazi imatakasuka, maselo oteteza thupi amakhamukira pamalopo, khungu limatupa ndi kuyabwa. Mfuuyo ikamveka zaka ndi zaka osalekeza, chitetezo chomwecho chimawononga: khungu limakhuthala, m'misongolo mumachita mawanga oyera, ndipo maso amatha kufa.

Ndanena izi kuti ndiyankhe dandaulo lomwe ogawa mankhwala amakumana nalo pakhomo ndi pakhomo: "Ndikamwa ndimayabwa kwambiri, bola kusamwa." Dandauloli ndi loona, ndipo tisanyoze wolinena. Koma kuyabwa kwa masiku ochepa amenewo kumabwera chifukwa tiana tambiri tafera nthawi imodzi. Wokana kumwa sathawa kuyabwako, amangokugawa pang'onopang'ono pa moyo wake wonse, uku tintchentche tikutenga tianato pathupi pake kupita nato kwa anansi. Ena amati, "Ine sindikudwala, ndimwerenji chaka chilichonse?" Yankho nlakuti ivermectin amapha tiana koma sapha mayi wawo, yemwe amatha kukhala zaka 10 mpaka 15. Mudzi ukadumphitsa chaka, mayiyo amadzazanso khungu la anthu.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mafuta odzola a steroid omwe anthu amagula pamsika popanda kuonana ndi dokotala. Amaziziritsadi kuyabwa, chifukwa amatseka mauthenga a maselo aja. Koma nyongolotsi sayikhudza, ndipo akadzoledwa miyezi yambiri khungu limapyapyala, zipere zimafalikira, mphere imabisika mpaka banja lonse litatenga. Mafuta amenewa ali ndi ntchito yake, koma woyeza mlingo ndi masiku ake akhale wachipatala.

Mankhwala a ivermectin ndi aulere kuyambira 1987, pamene kampani ya Merck inalonjeza kuwapereka. Dziko la Niger linawagwiritsa ntchito mwakhama, pamodzi ndi kupopera tintchentche, ndipo mu 2025 bungwe la WHO linalengeza kuti matendawa atheratu kumeneko, koyamba mu Africa muno. Mafumu, ndikupempha kuti wogawa akafika ndi ndodo yake yoyezera msinkhu, muyambe ndinu kuima pa ndodoyo ndi kumeza mapiritsi anthu anu akuona. Amayi oyembekezera, odwala kwambiri ndi ana osafika masentimita 90 adikire kaye, ena tonse timwe.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti ntchito yogawa mankhwala ya chaka chino yatsegulidwa.