Mfuti Yobisa M'tsindwi

 Kaya muli ku Ulóngue, ku Dómue, ku Tsangano kapena kutsidya kwa malire, takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaumoyo. Masabata apitawa tinkakamba za malungo ndi za sikelo ya ana. Lero ndabwera ndi nkhani ya mfuti.

Ndikudziwa kuti wina wayamba kale kufunsa kuti, "Wazaumoyo ndi mfuti, wapi ndi wapi? Imeneyo si nkhani ya apolisi?" Inde, ndi ya apolisi. Koma mfuti ikalira m'mudzi, anthu sathamangira kupolisi poyamba. Amathamangira kwa ife a zaumoyo, magazi ali chuchuchu. Ine zinandigwera pakhomo pathu penipeni, ndipo ndiloleni ndikufotokozereni.

Malume anga anali ndi gogodela. Achinyamata amene simuidziwa, imeneyi ndi mfuti yosula pamudzi, ya paipi ya madzi, imene amathira onga ndi tizitsulo kukamwa kwake n'kutsinyira ndi ndodo. Chimanga chikayamba kukhwima ankapita nayo kumunda usiku kukalinda nguluwe. Usiku wina nguluwe sizinabwere. Iwo anabwera nayo m'mamawa ili yothira kale, n'kuisomeka m'tsindwi monga mwa masiku onse. Ine ndinali nditawafunsapo za ana. Anandiyankha kuti, "Mphwanga, usade nkhawa, ana sadziwa pamene ili."

Masana a tsiku limenelo akuluakulu onse anali kumunda. Mwana wawo wa zaka 12 anakwera pa mtondo, n'kuitsitsa kuti aonetse msuweni wake wa zaka 8. Ankangoseweretsa. Ife tinamva kuti phuu, nkhuku n'kumwazikana. Nditafika ndinapeza wamng'onoyo ali gone pakhomo, ntchafu itang'ambika. Wamkuluyo anali atangoima, pakamwa pali yasa, osatha ngakhale kulira. Pambuyo pake atafunsidwa anati iye ankadziwa pamene mfutiyo imakhala kuyambira kalekale, ndipo aka sikanali koyamba kuitsitsa.

Anthu atasonkhana, wina anabwera ndi phulusa kuti athire pabala. Wina anafuna lumo kuti achotse tizitsulo. Ine ndinagwada, ndinapinda chitenje, n'kupanikiza pabalapo ndi manja onse awiri. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi: tinataya pafupifupi ola lathunthu tikukangana. Malume ankati, "Tikapita naye kuchipatala andimanga." Mayi a mwanayo, amene ndi mlongo wawo, ankagubuduzika pansi. Pomaliza tinapeza njinga yamoto. Mwanayo anamuika magazi ndipo ali moyo, koma amayenda motsimphina. Malume ndi mlongo wawoyo salankhulana kufikira lero, ngakhale pamaliro amakhala motalikirana.

Mfuti imene ija inasulidwira nguluwe. Nguluwe zimene inapha tingaziwerenge ndi zala za dzanja limodzi.

Ine ndinabadwa nkhondo itatha. Za nkhondo ya zaka 16 ndimangomva kwa makolo, amene ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, n'kubwerera mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Koma zida sizinathe pamodzi ndi nkhondoyo. Zina zinakwiriridwa m'tchire, zina m'mapanga, zina anthu anabisa m'nyumba poganiza kuti mwina zidzayambiranso. M'chaka cha 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito yosandutsa zida kukhala makasu. Munthu ankapereka mfuti n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Zida zija ankazidula kuti zisadzagwirenso ntchito, ndipo amisiri a ku Maputo anaumba nazo zinthu zoonetsa anthu, monga mtengo waukulu wachitsulo umene unakafika mpaka ku British Museum ku London. Mu Seputembala 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira ayeretsedwa. Mawu akuti "odziwika" amenewo muwasunge. Chimene munthu anabisa yekha, iye n'kumwalira osauza wina, palibe amene anachilemba pa mapu.

Tsono pali zinthu zina za mfuti zimene ambiri sitidziwa, ndipo n'zimene zimapha ana athu.

Gogodela sioneka kuti ndi yothira kapena ayi. Simungaitsegule kumbuyo kuti muone. Ngakhale mwini wake amaiwala, makamaka akakhala kuti walawa kachasu. Komanso paipi ya madzi sinapangidwire moto wa onga. Ikachita dzimbiri, kapena onga ukachuluka, imaphulikira m'manja mwa wowomba. Zala, maso, nkhope, zonse zimapita.

Mfuti za nkhondo monga AK-47 nazo zili ndi msampha wake. Munthu amachotsa kabokosi ka zipolopolo kaja, kamene ena amati magazini, n'kumati basi mfuti ilibe kanthu. Bodza limenelo. Chipolopolo chimodzi chimatha kutsalira m'kati, chokonzeka kale, ndipo chimodzicho n'chokwanira. Chipolopolo cha mfuti imeneyi chimaboola chitseko, malata, mpanda wa udzu, n'kukapeza munthu amene ali m'nyumba ina akudya nsima. Ngakhale chowombera m'mwamba pokondwerera chimabwerera pansi ndi mphamvu yoboola mutu.

Ndinene chinanso chimene timachita nacho manyazi. M'banja mumakhala mikangano. Pamene palibe mfuti, mkangano umathera m'mawu, mwina kwa ankhoswe. Pamene pali mfuti, mphindi imodzi ya mkwiyo kapena ya mowa imasiya maliro. N'chimodzimodzi ndi munthu amene walemedwa mtima chifukwa cha ngongole, matenda kapena kutha kwa banja, mpaka kuganiza zodzipha. Maganizo amenewo nthawi zambiri amabwera n'kupita, munthu akapeza womukhazika pansi. Koma mfuti simupatsa munthu mpata woti aganizenso mawa. Amayi amene mukuopsezedwa ndi mfuti m'nyumba, musadikire tsiku loti iwombedwe. Uzani anyakwawa, uzani ife, pitani kupolisi ku ofesi yoona za nkhanza za m'banja.

Nanga lamulo likuti chiyani? Muno mu Mozambique munthu wamba saloledwa kusunga mfuti popanda chiphaso chochokera kupolisi. Malamulo ake ali mu Decreto 8/2007. Mfuti za nkhondo si za munthu wamba ayi, ngakhale mutaitola m'munda mwanu. Kusula mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, kuigulitsa ndi mlandu, kusungira mnzanu ndi mlandunso, ndipo milandu imeneyi ndi ya ndende. Chiphaso chimakhala m'dzina la munthu mmodzi. Bambo akamwalira, mfuti si ngati khasu kapena ng'ombe kuti mwana wamkulu angotenga. Banja liyenera kukanena kupolisi. Ndipo kukhala ndi mfuti yachiphaso sikutanthauza kuti mungasake nyama mmene mwafunira. Ulenje uli ndi chilolezo chake chapadera.

Kwa inu ochepa amene muli ndi chiphaso, ndi alonda amene mumagwira mfuti pantchito, pempho langa ndi lalifupi. Mfuti iliyonse muziyesa yodzaza, ngakhale mwaichotsa zipolopolo nokha. Kukamwa kwake kusayang'ane munthu, ngakhale mocheza. Chala chisakhale pa kachitsulo kowombera kufikira nthawi yowomba. Musawombe chinthu chongomva kuti tswa-tswa m'chimanga usiku, chifukwa amene mukumuyesa nguluwe akhoza kukhala mnansi wanu akuchokera kumowa. Pofika kunyumba chotsani zipolopolo zonse, mfuti ikhale m'bokosi lokiya, zipolopolo malo ena okiyanso, makiyi m'thumba mwanu. Tsindwi si loko. Pansi pa mphasa si loko. Ana amadziwa nyumba kuposa inu.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene pali ntchito yanga. Munthu akawomberedwa, chimene chimamupha msanga ndi kutaya magazi. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5 okha, mwana ochepera apo. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka, munthu amatha m'mphindi zochepa, ngolo isanamangidwe n'komwe.

Choyamba onetsetsani kuti mfutiyo siwombanso wina. Kenako mugonekeni pansi wovulalayo. Tengani nsalu yoyera imene ili pafupi, chitenje, malaya, mpango, muipinde n'kupanikiza pabala ndi mphamvu zanu zonse. Musamatukule kuti muone ngati magazi asiya. Nsalu ikanyowa musaichotse, ikani ina pamwamba pake n'kupitiriza kupanikiza. Ngati pali jumbo ya pulasitiki yoyera valani m'manja kuti musakhudze magazi, koma musachedwe chifukwa chofunafuna jumbo. Wina ayang'ane kumbuyo kwa thupi, chifukwa chipolopolo chimalowa pena n'kutulukira pena, ndipo bala la potulukira nthawi zambiri ndi limene limakhala lalikulu.

Ngati bala lili pa mkono kapena pa mwendo ndipo magazi akuthovoka osaleka ngakhale mukupanikiza, mangani pamwamba pa balalo, mbali ya kuthupi, kutalika kwa zala zitatu kapena zinayi kuchokera pabala, osati pa bondo kapena pa chigongono. Mangirani nsalu yotambalala, osati waya, osati luzi kapena chingwe chopyapyala. Lowetsani kamtengo pamfundo n'kupotokola mpaka magazi atasiya, kenako mangani kamtengoko kuti kasabwerere. Zimapweteka kwambiri, adzakuwa, koma musamasule. Onani nthawi pa foni ndipo mukawauze achipatala kuti munamanga nthawi yanji. Omasula ndi iwowo.

Musathire phulusa, dothi, ndowe, mafuta a galimoto kapena masamba otafuna. Zimenezi zimalowetsa tizilombo, ndipo ndi njira ya kafumbata. Musakumbe chipolopolo ndi lumo kapena mpeni. Ngakhale madokotala nthawi zina amachisiya m'thupi ngati kuchichotsa kungawononge zambiri. Musamupatse madzi, phala kapena mowa, ngakhale alire ludzu, chifukwa mwina akafunika opaleshoni. Mufunditseni bulangete, pakuti munthu wotaya magazi amazizidwa. Bala likakhala pachifuwa ndipo akubanika, mukhazikeni chotsamira kuti apume bwino. Likakhala pamimba ndipo matumbo atuluka, musawabwezere m'kati, phimbani ndi nsalu yoyera yonyowa.

Ndipo musanamizidwe ndi kuchepa kwa bala. Kabowo kangati ka msomali kakhoza kukhala kuti m'kati magazi akudzaza mimba. Munthu akulankhula bwinobwino, pakapita ola mwangoona wayamba thukuta lozizira, milomo yatuwa. Bala lililonse la mfuti ndi la kuchipatala, nthawi yomweyo, usiku kapena masana. Panjira wina akhale akupanikizabe.

Za mantha a malume anga aja, sindikunamizani. Apolisi adzafunsa kuti zinachitika bwanji. Koma mlandu wa mwana wovulala ndi wa mwana wakufa si umodzi, ndipo ola limene mukukangana pakhomo ndi limene magazi akutha.

Nanga mukapeza chida pogalauza munda watsopano, pokumba chimbudzi kapena potentha tchire nthawi yosaka mbewa? Musachigwire. Musachigogode ndi khasu, musachiponye pamoto, musapite nacho kwa ogula zitsulo zakutha. Ena amati poti chachita dzimbiri ndiye kuti chinafa. Ayi, chida chikakalamba m'pamene chimakhala chosachedwa kuphulika. Akuluakulu akukumbukira pa 22 Malichi 2007, pamene nkhokwe ya zida zakale ya asilikali ku Malhazine mu Maputo inaphulika, anthu pafupifupi 100 n'kufa, ambiri a iwo ali m'nyumba zawo. Ngati zinatero m'manja mwa asilikali, nanga m'manja mwa mwana wobusa mbuzi? Bwererani njira imene mwabwerera, ikani chizindikiro chapatali monga nthambi zopingasa kapena nsalu yofiira, uzani anyakwawa, ndipo iwo auze apolisi. Madzulo ano auzeni ana anu zimenezi. Auzeni kuti chipolopolo si choseweretsa, si chopangira mkanda, ndipo amene wanena kuti waona chinthu chotere sadzakwapulidwa.

Inu amene mukundimvera uku mtima ukugunda chifukwa m'tsindwi mwanu, m'nkhokwe kapena pansi pa nthochi muli china chake, musachikulunge m'thumba n'kukwera nacho njinga kupita kuboma. Panjira chikhoza kuwomba, ndiponso mukakumana ndi apolisi simudzatha kufotokoza. Chisiyeni pomwe chili, chotsani ana pafupi, pitani kwa anyakwawa kapena kwa mtsogoleri wa mpingo kapena wa mzikiti wanu, mupitire limodzi kupolisi kukanena, kuti odziwa ntchito yake abwere adzatenge. Ngati mukuchita mantha kupita nokha, ife a zaumoyo a m'mudzi mwanu tikhoza kukuperekezani kwa anyakwawa.

Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za kulumidwa ndi njoka ndi agalu achiwewe. Amene muli ndi mafunso pa nkhani ya lero, tumizani uthenga kuno ku wailesi, ngakhale osatchula dzina lanu, ndipo tidzayankha poyamba pa pulogalamu.