ZIMENE MALUNGO AMASIYA MU UBONGO WA MWANA

Nkhani yathu madzulo ano ikuyambira kumwera kwa Lilongwe, m'midzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje, koma ikukhudza kholo lililonse ndi mphunzitsi aliyense m'dziko muno.

Ndisanayambe ntchito ya pa wailesi ndinaphunzira uphunzitsi, ndipo pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa ananditumiza pa sukulu ina ya kumudzi m'dera lomweli. M'kalasi langa la Sitandade 2 munali mnyamata wina wovuta kumuphunzitsa. Mukamphunzitsa zilembo lero, maŵa waiŵala. Mukamtuma zinthu ziŵiri, ankabwera ndi chimodzi. Anzake ankamutcha mbuli, ndipo ine ndemwe, ndivomereze, ndinamsesetsa bwalo kangapo poganiza kuti anali waulesi. Tsiku lina ndinaitanitsa amai ake. Atamva dandaulo langa anangoti: "Aphunzitsi, mwanayu sanali chonchi ai. Anali wochenjera kuposa akulu ake. Chidwalire malungo aja anakomoka nawo masiku atatu, mutu wake sunabwererenso." Mau amenewo sindinaŵamvetse pa nthaŵiyo. Lero ndikudziŵa kuti amai aja ananena zoona, pakuti zimene iwo anaona pakhomo, madokotala anaziona pa zithunzi za ubongo.

Malungo tonse timaŵadziŵa, makamaka mvula ikagwa ndipo madzi akadikha m'madambo ndi m'maenje oumbira njerwa. Koma pali mtundu wina woopsa, umene achipatala amautcha malungo a mu ubongo. Tizirombo timene udzudzu umasiya m'thupi timaloŵa m'magazi ndi kuswana. Magazi ogwidwa ndi tizirombo totere amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo, kotero kuti sayenda bwino. Mwana amatentha thupi, amaphupha, kenaka amakomoka osatsitsimuka ngakhale mumuitane kapena kumutsina. Ambiri ogwidwa ndi ana aang'ono, makamaka osapitirira zaka 5.

Kwa zaka zambiri madokotala ankaona ana otere akumwalira ngakhale alandire mankhwala, koma zochitika m'kati mwa chigaza sankatha kuziona. Makina akale ounikira m'thupi amaonetsa bwino mafupa, koma ubongo ndi wofeŵa ndipo suoneka bwino pa makina amenewo. Zinthu zinasintha atapangidwa makina otchedwa MRI. Makinaŵa ali ndi maginito amphamvu, ndipo amagwiritsa ntchito mafunde onga a wailesi yomwe mukumverayi. Wodwala amagona m'kati mwake, ndipo makinawo amajambula ubongo gawo ndi gawo, monga mmene amai amadulira dzungu, koma popanda mpeni ndiponso popanda kukhetsa magazi.

Phindu la makinaŵa linayamba kuonekera kunja, pa nthenda ina yotchedwa multiple sclerosis, imene imapezeka kwambiri m'maiko ozizira koma kuno kwathu siipezeka kaŵirikaŵiri. Pa nthendayi chitetezo cha thupi chimaukira mwiniwake ndi kuononga chikuto cha mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana, monga makoswe akadya chikuto cha waya wa magetsi. Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, anaifotokoza m'chaka cha 1868, ndipo anaona kuti odwala ake ena ankaiŵalaiŵala. M'chaka cha 1981 akatswiri a ku London anajambula odwala otere ndi MRI, napeza zipsera zambiri mu ubongo zimene makina ena sankazionetsa. Kuyambira pamenepo zinadziŵika bwino kuti pafupifupi theka la odwala nthendayi amavutika kukumbukira kapena kuganiza msanga, ngakhale ena a iwo akuyenda ndi kulankhula ngati wina aliyense. Phunziro lake ndi lakuti munthu angathe kuoneka wamphumphu kunja, ubongo wake uli ndi bala.

Phunziro lomweli linatsimikizika kwathu kuno pa malungo. Pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Dr. Terrie Taylor wa ku America ndi malemu Prof. Malcolm Molyneux anayamba kufufuza za malungo a ana m'chaka cha 1986. M'chaka cha 2008 pa chipatalapo panafika makina a MRI, oyamba m'Malaŵi muno, ndipo mmodzi wa akatswiri oŵerenga zithunzizo anali Mmalaŵi mnzathu, Dr. Sam Kampondeni. Zotsatira zake zinafalitsidwa m'chaka cha 2015. Mwa ana 168 a malungo a mu ubongo amene anajambulidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa 25 amenewo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Tsono chigaza sichitamuka. Ubongo ukatupa umasoŵa kopita, ndipo umapanikiza mbali ya kunsi imene imalamulira kupuma. Ndicho chifukwa chake ana ambiri otere amamwalira mwa kungoleka kupuma. Mwa ana amene anachira, ena analinso ndi ubongo wotupa, koma unaphwa patapita masiku.

Nanga ochirawo amakhala bwanji? Funso limeneli analifufuzanso pa chipatala chomwecho, motsogozedwa ndi Dr. Gretchen Birbeck, ndipo yankho linatuluka m'chaka cha 2010. Anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo, naŵayerekeza ndi ana 264 amene sanadwale malungo a mtundu umenewu. Mwa ana 132 aja, 12 anayamba kugwa khunyu, pamene mwa anzawo 264 panalibe ndi mmodzi yemwe. Ena anatsala ofooka ziŵalo, ena ovutika kulankhula, ena osakhazikika ndi aukali mosiyana ndi kale. Kuŵaphatikiza onse, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi vuto. Chofunika kuchidziŵa ndi chakuti mavuto ena saoneka pa tsiku lotuluka m'chipatala. Khunyu lingathe kuyamba patapita miyezi, ndipo kuiŵalaiŵala kumadzadziŵika mwana atayamba sukulu, makolo ataiŵala kale za malungo aja. Zithunzi za ana ena ochira zinaonetsa kuti mbali zina za ubongo wawo zinafota.

Mwina wina ku Nathenje akufunsa kuti: makina ali kutaliwo atithandiza chiyani ife akumudzi? Funsolo ndi lomveka. Ana athu ambiri sadzajambulidwa ubongo, ndipo chithunzi pachokha sichichiritsa. Koma zimene makinawo anaonetsa zikutiphunzitsa zoyenera kuchita, ndipo zonsezo zili m'manja mwathu.

Choyamba ndi kufulumira. Mwana akatentha thupi, apite tsiku lomwelo kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena ku chipatala, akayezedwe magazi. Akapezeka ndi malungo alandire mankhwala a LA, ndipo amalize onse kwa masiku atatu ngakhale ayambe kuseŵera pa tsiku lachiŵiri. Koma mwana akaphupha, akamasanza chilichonse, akakana kuyamwa kapena kumwa, kapena akafooka osadzuka, imeneyo si nthaŵi yodikira kuti kuche, kapena yodikira bambo abwere kuchokera ku msika wa Mitundu. Si nthaŵinso yofunsira kuti walodza ndani. Mgonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu ali chikomokere, ndipo mupezereni njinga kapena ngolo. Zipatala za Mitundu ndi Nathenje ndizo zapafupi kwa anthu a kumeneko, ndipo matenda akakula achipatala amatumiza mwana ku chipatala chachikulu cha Kamuzu. Pa malungo oopsa pali jakisoni wa artesunate amene amapha tizirombo msanga. Ola lililonse lotayika kunyumba limapatsa ubongo mpata wotupa.

Chachiŵiri ndi kupeŵa. Anthu a ku Mitundu ali ndi mbiri yonyaditsa pa nkhani imeneyi. Pa 23 April, 2019, Malaŵi linakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wotchedwa RTS,S kwa ana ku sikelo, ndipo ana a pa chipatala cha Mitundu anali m'gulu la oyamba kumulandira. Maiko a Ghana ndi Kenya anatsatira m'chaka chomwecho. M'chaka cha 2021 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti katemerayu afalikire, ndipo pambuyo pake linanena kuti m'madera a maiko atatuŵa mmene anaperekedwa, imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 alionse. Katemerayu amaperekedwa kanayi: mwana ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Amai ambiri amaiŵala ulendo wachinayi chifukwa umabwera mochedwa. Chonde yang'anani m'buku la sikelo la mwana wanu. Dziŵaninso kuti katemerayu amachepetsa malungo koma saŵathetseratu. Masikito akhale pamphasa ya mwana usiku uliwonse, osati ku dimba kutchingira mbeu kapena ku mtsinje kugwirira matemba.

Chachitatu ndi kuleza mtima ndi mwana amene anachira. Makolo, mwana akatuluka m'chipatala sungani buku lake, ndipo muzimuyang'anitsitsa kwa miyezi yotsatira. Ngati wayamba kugwa, wasintha khalidwe, kapena waleka kuchita zimene ankatha kale, bwererani naye ku chipatala, mukanene kuti anadwalapo malungo okomoka nawo. Khunyu lili ndi mankhwala, silipatsirana, ndipo si chifukwa choletsera mwana sukulu kapena kumudyetsera m'mbale yayekha. Pomulembetsa sukulu auzeni aphunzitsi za matenda aja. Kutero si kuchititsa mwana manyazi koma kumutchinjiriza.

Ndipo inu aphunzitsi anzanga, ndikudziŵa kuti makalasi athu ndi odzaza, ndipo nkovuta kudziŵa mbiri ya mwana aliyense. Komabe musanatenge chikoti, funsani kholo funso limodzi lokha: kodi mwanayu anadwalapo malungo aakulu? Ngati ndi choncho, mukhazikeni kutsogolo, kutali ndi zenera. Muuzeni chinthu chimodzi, achite, kenaka chinanso. Bwerezani naye zadzulo musanayambe zatsopano, ndipo mpatseni mnzake wodekha woŵerenga naye. Ubongo wa mwana ukali kukula, ndipo ukaphunzitsidwa mofatsa ndi mobwerezabwereza umatha kupeza njira zina m'malo mwa zimene zinaonongeka. Si onse adzafika pamene anali, koma ambiri amapita patsogolo. Chilango chokha sichinabwezerepo mwana nzeru, chimangomuthaŵitsa sukulu.

Mnyamata wa m'kalasi langa uja ndinamusiya nthaŵi yanga yoyeserera itatha. Masabata otsiriza ndinamukhazika pafupi ndi bolodi, ndipo pochoka ine anali atayamba kulemba dzina lake popanda kuonera. Chimene chimandiŵaŵa mpaka lero ndi masiku aja amene anasesa bwalo chifukwa cha mlandu wa udzudzu. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati m'mudzi mwanu kapena m'kalasi mwanu muli mwana wotere, kambiranani nkhaniyi ndi makolo ake, ndi anyakwaŵa ndiponso ndi mlangizi wa zaumoyo.