Osaona nawonso ayende: kulimbitsa thupi pa matenda a shuga

 Lero tikambirana za matenda a shuga, makamaka kwa inu amene maso anasiya kuona kapena akuona mwachimbuuzi. Ngati muli ndi m'bale wotere pakhomo, ayandikizireni wailesi kuti amve okha.

Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri amawononga timitsempha ta m'kati mwa diso, ndipo ena amafika posaona. Zikatero, achibale timawayalira mphasa n'kumati, "Khalani pansi agogo, mungagwe." Timatero chifukwa cha chikondi, koma kukhala pansi tsiku lonse kumakweza shuga. Shuga yemweyo amene anawononga maso amapitiriza kuwononga impso, mtima ndi mapazi. Inu amene simukuona, ziwalo zimenezi mukadali nazo, ndipo kuyenda ndi njira imodzi yozitetezera.

Nsima, mbatata kapena buledi zikalowa m'mimba zimasanduka shuga. Minofu ya m'miyendo ikamagwira ntchito imatenga shugayo m'magazi n'kumugwiritsa ntchito, ndipo mankhwala anu amathandiza bwino. Phindu limeneli silikhalitsa, n'chifukwa chake musadumphe masiku opitirira awiri otsatizana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ndiye kuti mphindi 30 pa tsiku, masiku 5. Ngati zakuchulukirani, yambani ndi mphindi 10 mukatha kudya, muziwonjezera sabata ndi sabata. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Liwiro loyenera ndi loti mukupuma mofulumirirapo koma mukutha kucheza ndi mnzanu.

Mwina mukufunsa kuti, "Ndiyenda bwanji osaona?" Pali njira zitatu.

Yoyamba ndi chingwe. Ana asese malo osalala pabwalo, achotse miyala, zitsa ndi minga. Amange chingwe cholimba pakati pa mitengo iwiri, chifike m'chiuno mwanu, kutalika kwake mapazi 20 kapena kuposa. Alowetsemo kachidutswa ka nsungwi koti muzigwira kuti chingwe chisakupaleni m'manja, ndipo amange mfundo yaikulu pafupi ndi mtengo uliwonse. Kansungwi kakagunda mfundo, mwadziwa kuti mwafika, tembenukani. Apa simudikira munthu. Tsegulani wailesi kuti ikuuzeni nthawi. Inu apabanja, musasiye khasu, ndowa kapena mtondo m'njira imeneyi.

Yachiwiri ndi kuyenda ndi mnzanu. Woperekeza asakukokeni dzanja ngati mwana ndipo asakukankheni kumsana. Inuyo mugwire mkono wake pamwamba pang'ono pa chigongono, iye akhale patsogolo pang'ono. Azinena zimene zili kutsogolo: "Pali ngalande, pali chitunda, njinga ikubwera." Ulendo wa kutchalitchi, kuchigayo kapena kukacheza kwa anansi nawonso ndi kulimbitsa thupi. Ngati muli ndi ndodo yoyera itengeni, imathandizanso kuti apanjinga ndi anjinga zamoto akuzindikireni. Bungwe la anthu osaona m'dziko lathu la Mozambique limatchedwa ACAMO.

Yachitatu ndi ya m'nyumba, makamaka nthawi ya dzinja njira zikamaterera. Gwirani khoma kapena mpando wolimba, muziponda pamalo amodzi ngati mukuguba. Khalani pampando n'kuimirira kakhumi, mupume, mubwereze. Kuvina mutagwirana manja ndi mdzukulu kumathandizanso. Ntchito za pakhomo monga kuchapa ndi kusesa musalandidwe.

Tsopano machenjezo, ndipo awa mumvetsetse.

Choyamba ndi mapazi. Shuga amachititsa dzanzi, moti munthu akhoza kubayidwa ndi munga osamva. Inu simungaone bala, ndiye kabala kakang'ono kakhoza kukula mpaka mwendo kudulidwa. Musayende opanda nsapato ngakhale pabwalo. Musanavale, gwedezani nsapato ndi kupisamo dzanja. Madzulo aliwonse sambani mapazi, pukutani pakati pa zala, papasani ndi manja, kenako wina woona ayang'ane pansi pa phazi. Bala, thuza, kutupa kapena fungo, pitani kuchipatala msanga, ndipo musayende maulendo mpaka adokotala atakulolani. M'mwezi wa Juni ndi Julaye kuno kumazizira kwambiri. Musayandikize mapazi kumoto, mukhoza kupsa osadziwa. Valani masokosi.

Chachiwiri ndi kutsika kwa shuga. Izi zimachitika makamaka kwa amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide. Musayambe ulendo muli ndi njala. Nyamulani madzi akumwa ndi shuga m'kapepala kapena maswiti. Mukamva kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, chizungulire kapena mtima kugunda kwambiri, khalani pansi, imwani madzi osungunuliramo masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga. Pakatha mphindi 15 osasintha, bwerezani, kenako idyani chakudya. Woperekeza adziwe zizindikiro zimenezi. Munthu akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mugonekeni cham'mbali ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Chachitatu ndi cha inu amene mukuonabe pang'ono. Timitsempha ta m'diso mwanu n'tosalimba. Musanyamule katundu wolemera monga thumba la feteleza la makilogalamu 50, musadumphedumphe, musaweramitse mutu nthawi yaitali. Kudzikakamiza kotere kukhoza kutulutsa magazi m'kati mwa diso. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, lekani pomwepo mukaonane ndi adokotala.

Musanayambe zonsezi, pitani kuchipatala chathu cha Lifidzi kapena chachikulu cha ku Ulónguè. Akayeze shuga ndi kuthamanga kwa magazi, akaone mapazi, ndipo muwauze kuti mukufuna kuyamba kuyenda. Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala. Pitirizani kumwa monga anakuuzani, chepetsani zotsekemera, chulukitsani ndiwo zamasamba ndi nyemba.

Achinyamata anzanga, ntchito yomanga chingwe ndi yathu, ndipo sitenga ngakhale ola limodzi. Mafumu athu, atsogoleri a mipingo ndi a m'miphakati, tithandizeni kupeza anthu osaona amene akungokhala m'nyumba, ndipo pakhale woyenda nawo. Pa 14 Novembala dziko lonse lapansi limakumbukira matenda a shuga, koma ife tisadikire tsikulo. Chingwe chimangidwe sabata ino.