Kukhala ndi Kugwira Ntchito ku Nchalo

 Tikuthokoza kuti pa chikondwerero chino mwatipatsa mpata woti tilankhuleko. Mudatipempha kuti tifotokoze za moyo wa ku malo otentha, pakuti chaka ndi chaka ena mwa ife amalandira kalata ya kusamuka pa ntchito, ndipo kalatayo ikatchula Chikwawa, Nchalo kapena Nsanje, m'nyumba mumangoti zii ngati mwafika uthenga wa maliro. Ife tidakhala ku Nchalo zaka zinai, kuyambira 1 Januwale 2012 kufikira kumapeto kwa 2015, tikuphunzitsa pa sukulu ya pulaimale pamodzi ndi bambo a kunyumba kwathu. Tsono zimene tinene pano nzimene tidaziwona ndi maso athu.

Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Nchalo pali mtunda wa makilomita pafupifupi 80, koma munthu amakhala ngati waloŵa m'dziko lina. Blantyre ali pamwamba, mamita opitirira 1,000 kuchokera pamene palekeza nyanja yamchere, pomwe Nchalo safika ndi 100 omwe. Basi ikamatsika mseu wokhotakhota wa m'mapiri kulinga ku Thabwa, mudzaona anthu akuvula majuzi mmodzimmodzi, ndipo mukaoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu mphepo yoloŵa pa zenera imakhala ngati yochokera m'uvuni. Tauni ya Nchalo idakula chifukwa cha nzimbe. Kampani ya Sucoma idayamba kupanga shuga kumeneko mu 1966, ndipo mu 1997 idagulidwa ndi Illovo. Minda yake imathiriridwa ndi madzi a mu Shire, chotero anthu a mitundu yonse ya m'Malaŵi muno amasonkhana kumeneko kudzafuna ntchito, makamaka pa nyengo yodula nzimbe.

Chinthu choyamba chimene eni dziko adatiphunzitsa ndi kuŵerenga dzuŵa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mai wa kumeneko amadzuka kusanache, natunga madzi, nasesa, nachapa, kuti pofika 9 koloko ntchito zolemetsa zikhale zitatha. Masana mudzapeza anthu atakhala pansi pa mtengo wa bwemba kapena wa nimu, ndipo mlendo wosadziŵa amati ndi ulesi. Si ulesi ai, amai anzathu, koma nzeru za makolo ao. Ifenso ku sukulu tinkaika masamu ndi maphunziro ena ovuta m'maŵa, pakuti masana pansi pa malata ana amangosinza, ena mpaka kutuluka kamfuno.

Za kukhitchini nazonso zimasintha. Ndiwo za masana sizifika madzulo osaziŵiritsanso, ndipo nyemba zogona zimasasa. Tidaphunzira kuphika zokwanira nthaŵi imodzi, kuŵamba nsomba za mlamba, ndi kufutsa masamba pamene achuluka. Madzi akumwa timasunga mu mtsuko wadothi wovundikira, pamthunzi, chifukwa m'chigubu cha pulasitiki amafunda ngati a tiyi. Mijigo ina ya m'chigwamo imatulutsa madzi amchere, tsono musanachite lendi nyumba funsani anzanu a pafupi kumene amatunga akumwa. Paja akulu adati safunsa adadya phula. Mwana azimwa madzi kaŵirikaŵiri ngakhale asanapemphe, ndipo akatsekula m'mimba mpatseni Thanzi ORS nthaŵi yomweyo, pakuti kotentha mwana amatha madzi m'thupi msanga. Ndipo m'maŵa gwedezani nsapato musanavale, popeza zinkhanira zimakonda kubisalamo.

Tsopano tinene za mdani wamkulu, ndiye udzudzu. Malungo a m'chigwa cha Shire ndi a kalekale. Bishopu Mackenzie adafa nawo mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo patapita miyezi itatu Mary, mkazi wa David Livingstone, adafa nawonso ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi. Iwo aja sankadziŵa kuti matendaŵa amafala ndi udzudzu, pakuti zimenezi zidadziŵika mu 1897. Ife tili ndi mwai umene iwo analibe. Tili ndi masikito, tili ndi kuyezetsa magazi kumene kumatenga mphindi zoŵerengeka, tili ndi mankhwala a LA, ndipo mu 2019 Malaŵi adakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana. Komabe chiyeso chilipo. Usiku kukatentha anthu amatulutsa mphasa nakagona pabwalo, masikito nkutsala m'nyumba. Amai anzeru a kumeneko amazika mitengo inai pabwalo namangirirapo masikito. Chitani chomwecho. Mwana akatentha thupi musayembekeze kuti kuche kaŵiri, ndipo mai woyembekezera asaphonye sikelo.

Mtsinje wa Shire ndiwo moyo wa chigwa chonse, komanso uli ndi malamulo ake. Muli ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madzi odikha a m'ngalande ana amatengamo likodzo. Mu Januwale 2015 tidaona madzi osefukira amene adachititsa boma kulengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Kudera la Makhanga anthu adaŵapulumutsa pa mabwato ndi pa ndege za helikopita, ndipo zipinda zambiri za sukulu zidasanduka malo ogona. Ife titachokako kale kudadzanso namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Chodabwitsa nchakuti madzi angathe kufika usiku kumwamba kuli nyenyezi, chifukwa mvula yagwa ku mapiri a Thyolo kapena ku Mwanza. Nchifukwa chake pofuna nyumba funsani akuluakulu pamene madzi adalekeza chaka chatha, ndipo zikalata, mabuku a kuchipatala ndi mbeu sungani pamwamba m'thumba losaloŵa madzi. Anthu a kumtunda amafunsa kuti, bwanji osangosamuka? Yankho lake tidaliwona madzi ataphwa. Nthaka imene mtsinje wasiya imabereka chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu m'chilimwe popanda feteleza, pamene minda ya kwathu ili gwa.

Anthu ake ndi Amang'anja ndi Asena. Musachite manyazi kuphunzira chilankhulo chao. Msena akati "takhuta" sakunena za mimba ai, akuthokoza. Mau amodzi okhaŵa amatsekula makomo ambiri pa msika. Idyani nao nsima ya mapira ndi ya mcheŵere, laŵani masau ndi malambe, kaonereni amai akuvina utse. Pa masiku a chigumula aja tidaona amai amene adataya zonse akugaŵana ufa wa m'mbale imodzi ndi anzao osaŵadziŵa. Amai a chigwirizano cha kumeneko adaphikira anthu a m'misasa masabata angapo, ena mwa iwo nyumba zao zomwe zitagwa. Tidapita kumeneko ngati aphunzitsi, koma pa nkhani ya kuchereza ndi kupirira ife ndife tidali ana a sukulu.

Tsono tifike pa chimene chatilemera mu mtima. Mabanja ambiri akalandira kalata ija amapangana kuti bambo atsike okha, mai ndi ana atsale kumtunda, ati kuwopa dzuŵa. Poyamba bambo amabwera sabata iliyonse, kenaka mwezi ukatha, kenaka pa Khrisimasi pokha. Malipiro amodzi amadyetsa nyumba ziŵiri, ana amakula osaŵadziŵa bambo ao, ndipo tidaona ndi maso athu mabanja abwino akutha motero. Tikudziŵa kuti pali ena amene matenda kapena sukulu ya ana siziŵalola kusamuka, ndipo ameneŵa sitikuŵaweruza. Koma ngati chokuletsani ndi mantha chabe, ife tikuti pitani. Kutentha thupi limazoloŵera patapita masabata oŵerengeka, koma banja likazoloŵera kukhala padera nkovuta kulibweza.

Ndipo mukafika, masulani katundu yense. Tidadziŵa anzathu amene adakhala zaka zisanu makatoni ali chimangire, akudikira tsiku lobwerera kwao, ndipo zaka zonsezo zidangopita osabzala ngakhale papaya mmodzi. Bzalani mtengo wa mthunzi ngakhale mudzausiye, wina adzakhala pansi pake. Kaperekeni kalata yanu ya mpingo sabata yoyamba, loŵani m'chigwirizano, pitani ku maliro ndi ku zikwati za anansi anu.

Kwa inu otsala kuno pempho lathu ndi ili: mnzathu akasamukira ku chigwa, dzina lake lisafafanizike m'mitima mwathu. Muimbireni foni, mtumizireni kachitenje kopepuka kapena masikito, ndipo mvula ikakula mfunseni ngati wagona pouma. Tikupemphanso komiti kuti pokonza maulendo a chaka chamaŵa ikumbukire amai anzathu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Mwezi wabwino woyendera kumeneko ndi Juni kapena Julayi, pamene kunja kwazizirako.