Makobiri Akale ndi Owasakasaka



Alipo anthu ena amene akalandira chenje saponya m'thumba msanga. Amayamba atembenuza kobiri lililonse ndi kuwerenga chaka chake, pofunafuna lakale kapena losowa. Owaona amawayesa aumbombo, chonsecho iwo akusaka mbiri ya dziko.

Ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndiyo imawasowetsa tulo: peni yobowola pakati, ya njovu ziwiri, ndi hafupeni ya akadyamsonga. M'chaka cha 1964 Malawi adatulutsa ndalama zakezake zokhala ndi nkhope ya Kamuzu Banda. Pa sikisipensi padali tambala wakuda uja wa ndale, pa sheleni ngala za chimanga. Kwacha itabwera mu 1971, sheleni idasanduka 10 tambala, chimanga chake osasintha, kotero kuti wosaka wa maso akuthwa ankatha kutola ya 1964 pakati pa zatsopano. Wopupuluma ankaigulira mchere osadziwa.

Lero kusakaku kwavuta. Ngakhale makobiri a 2012, a nkhwazi, chimeza ndi njovu, ambiri amawakana pamsika, ndipo ana akukula osawagwirako. Akale adatsalira m'zitini za agogo ndi pansi pa masutikesi, momwe ofagada m'nyumba pambuyo pa maliro amawataya pamodzi ndi zinyalala.

Owapeza asawakweche ndi phulusa kapena mchenga. Kuwala kotero kumafufuta chaka ndi chithunzi chomwe. Awasunge pouma, lililonse m'kapepala kake, ndi kulembapo dzina la amene adalisunga.