Mbedza ya nthenga ndi mitsinje yathu: zomwe zinayankhulidwa pa msonkhano wa kalabu



Tonse pano timadziwa kuwedza: bango, chingwe, mbedza, nyongolotsi, basi wakhala pagombe kudikira mlamba. Koma kuli kawedzedwe kena komwe azungu amati fly-fishing. Kumeneko nyambo si nyongolotsi ayi. Amamangirira nthenga ndi ulusi pambedza kuti ioneke ngati kachirombo kogwera pamadzi. Nsomba ikaona, imati ndalama zanga zakwana, n'kumeza. Ndiye madzi ake afunika oyera, othamanga pamiyala, chifukwa nsomba ikapanda kuiona nthengayo, wataya tsiku.

Nanga mitsinje yotere ili kuti? Paphiri la Zomba pali Mulunguzi, madzi ozizira kwambiri, momwe atsamunda anaikamo nsomba yachilendo yotchedwa trout. Ku Nyika, pa Chelinda, iliponso m'madamu ndi m'timitsinje. Kunsi kwa Shire, mukapitirira mathithi a Kapichira, kuli tigerfish, ya mano ngati macheka.

Koma ine mtima wanga uli pa Bua. Mpasa imachoka m'Nyanja ya Malawi, kukwera Bua kukaikira mazira pamiyala, m'nkhalango ya Nkhotakota yomwe African Parks yakhala ikuyang'anira kuyambira 2015. Alendo amalipira ndalama kuti akawedze mpasa kumeneko, n'kuibwezeranso m'madzi. Akusowa chiyani alendowo? Wowaperekeza wodziwa mtsinje, wodziwa pomwe nsomba imabisala. Imeneyotu ndi ntchito, anzanga.

Tsono mvetserani apa. Madzi a Namitete wathuyu amakathira mu Bua. Tikalima dimba mpaka m'mphepete mwenimweni, tikadula mitengo ya m'gombe kuti tiotchere njerwa, dothi limakokoloka. Matope aja amakakwirira miyala yomwe mpasa imaikirapo mazira, mazirawo n'kufa. Wothira katupe padziwe ndi wokokola ndi neti ya udzudzu, onsewo amapha ndi tiana tomwe.

Pempho langa ndi ili. Mvula ikayamba tikadzale mitengo ndi nsenjere m'mbali mwa mtsinje, ndipo tipite kwa a mfumu tikakambe za malire a madimba. Amene ali ndi nthenga za nkhanga kunyumba abwere nazo Loweruka, tiyese kumanga mbedza zathu.