Mphepo Ziwiri Zimene Zinamanga Mombasa

 Lero mu pulogalamu yathu ya zachilengedwe tikamba za mphepo, ndipo ititengera ku Mombasa, mzinda wachiwiri kukula m'dziko la Kenya, umene unayambira pachilumba cha m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Indian Ocean.

Anthu a kumeneko amagawa chaka ndi mphepo ziwiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi kumawomba kaskazi, yochokera kumpoto chakum'mawa. Ikaleka, cha mu Epulo, imayamba kusi, yochokera kum'mwera, ndipo imawomba mwamphamvu mpaka Seputembala. Asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi amva msanga zimenezi, pakuti nawonso sakankha bwato asanaone ngati kuli mpoto kapena mwera.

Nanga chimatembenuza mphepoyi n'chiyani? Ndi mtunda waukulu wa Asia. Kumeneko kukatentha, mpweya wa pamtunda umapepuka n'kukwera m'mwamba, ndipo wa panyanja umathamangira kukalowa m'malo mwake. Nyengo yachisanu ikafika, mtunda umazizira msanga kuposa madzi, mphepo ija n'kuyamba kuwomba chobwerera.

Amalinyero a ku Arabia, Persia ndi India anazindikira zimenezi kalekale. Kaskazi ikayamba, ankakweza matanga a zombo zawo zamatabwa n'kubwera ndi nsalu, mikanda ndi mbale zadothi za ku China. Pobwerera ankatenga minyanga ya njovu komanso mitengo yomera m'matope a m'mbali mwa nyanja, imene Aswahili amaitcha mikoko, kuti akamangire madenga kwawo kumene mitengo ndi yosowa.

Koma tamverani apa, omvera. Wofika ndi kaskazi sakanatha kungotsitsa katundu n'kubwerera mawa lake. Ankayenera kudikira miyezi kuti mphepo itembenuke. Podikirapo ankadya za eni mudzi, kuphunzira chinenero chawo, ena mpaka kukwatira. Eni dera, amene anali Aafirika olankhula Chiswahili, analandira Chisilamu ndi mawu ambiri a Chiarabu, koma chinenerocho chinakhalabe cha Chibantu, chachibale ndi Chichewa chathuchi. Pamene Ibn Battuta wa ku Morocco ankafika mu 1331, anapeza mzinda wa Asilamu wokhala ndi mizikiti yamatabwa.

Chuma chobwera ndi mphepo chinakopanso ankhondo. Vasco da Gama anafika mu 1498, koma sanalandiridwe bwino. Anapitirira ku Malindi, kumene anapeza katswiri wodziwa mphepozi, yemwe anamuwolotsa mpaka ku India pasanathe mwezi. Mu 1593 Apwitikizi anayamba kumanga linga la Fort Jesus pakhomo la doko, ndipo mu 1698 Aluya a ku Oman analilanda atalizinga pafupifupi zaka zitatu. Lingalo lilipobe, ndipo mu 2011 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse.

Tisaiwale kuti zombo zamalonda zija zinanyamulanso anthu ogulitsidwa ukapolo, ambiri ochokera m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Mu 1875 amishoni anatsegula mudzi wa Frere Town pafupi ndi Mombasa wolandira akapolo omasulidwa, ndipo mwa iwo munali Anyanja ndi Ayao. Zidzukulu zawo zili konko mpaka lero.

Masiku ano sitima zazikulu zofika padokoli zimayenda ndi injini, koma msodzi wa bwato laling'ono amadikirabe kaskazi, nyengo imene nyanja imachita bata, ndipo mlimi amayembekezera mvula yaikulu imene imagwa kusi akamayamba. Inunso funsani akuluakulu a kwanu mayina a mphepo za m'dera lanu ndi zimene zimalosera, muziphunzitse ana.